Kuchapa Foni ya Talandira

Ndinkasenda mtedza pakhonde Loweruka m'mawa, ndipo ndinkachita kuusenda mwaulesi wadala. Ndinkatola umodzi, kuufinya mpaka khoko lithetheke, kugwetsera njere m'lichero, kenako n'kumaliyang'anitsitsa khokolo ngati muli china chatsalira. Amayi anadutsa ndi ndowa kupita kumjigo, anabwerako, mulu wa mtedza uli chimodzimodzi.

"Kodi nsinjiro zimenezi tidzadya chaka chamawa, eti?"

"Ndikumaliza, amayi."

Sindinkafuna kumaliza. Ndinkafuna kuti achimwene anga a Lyson akamatulutsa njinga andipeze ntchito idakali yambiri, andisiye. Loweruka lililonse timapita limodzi ku Namitete, kumalo ometera a Trust, kumene achinyamata amakumana n'kumasewera Makadi. Tsiku limenelo achimwene anali atakonza zokachapa foni ya mnzanga Talandira, ndipo ine sindinkafuna kukhalapo.

Makadi ndi masewera a pafoni. Dzina lake lenileni ndi lachingerezi, lalitali, palibe amene amalitchula. Aliyense amakhala ndi mulu wake wa makadi, timati deki, ndipo makadi akowo amamenyana ndi a mnzako mpaka mmodzi moyo umuthere. Ukamasewera tsiku ndi tsiku umapata makadi ena, n'kumachotsa ofooka m'dekimo, kuikamo abwinoko. Zimatenga miyezi. Koma tsiku loyamba, ukangotsegula akaunti, masewerawo amakuyalira madeki okonza kale kuti usankhepo imodzi yoyambira: ya moto, ya madzi, ya mphepo, ya mitengo. Ukasankha basi, sabweza. Zonse umamanga pa deki imeneyo.

Makadi anabwera kuno ndi achimwene, atabwerako kutauni kumene ganyu ya zomangamanga inawathera. N'chifukwa chake aliyense woyamba kumene amadzera m'manja mwawo. Amatenga foni yako, kukuikira masewerawo, kulembamo nambala yawo yoitanira anthu, ndipo masewerawo amawathokoza ndi bokosi la makadi chifukwa chobweretsa munthu watsopano. Pofika posankha deki, chala chawo chimathamanga kuposa maso ako. Anyamata a m'mudzi muno, amene anakulira nawo limodzi, amawasankhira madzi kapena mphepo. Ana a matenanti a ku esiteti ya fodya amawasankhira mitengo.

"Mitengo ndi yabwino kwa woyamba," amatero. "Siivuta kuimvetsa."

Iwo deki yawo ndi ya moto. Moto ukakumana ndi mitengo, m'masewera muja zimatha monga zimathera kunja kuno. Ndipo nthawi iliyonse akapambana, dzina lawo limakwera.

Kuchapa, kumene ndi kufufuta akaunti ya munthu n'kumutsegulira ina, kumabwera nyengo ino, fodya akamadindidwa m'mabelo, matenanti ali pafupi kusamuka. Chaka chilichonse eni masewerawa amatulutsa madeki oyambira atsopano, koma amapatsa okhawo amene atsegula akaunti yatsopano. Apo achimwene sanama. Amanama akamati makadi ako akale atsatira netiweki ikakhala bwino. Satsatira. Akaunti ikafufutidwa, khadi lililonse limene unalivutikira limapita, ndipo yatsopanoyo amaitsegula ndi nambala yawo ija, bokosi lina n'kugwera kwa iwo. Podzazindikira, wochapidwayo amakhala ali pa lole kubwerera kwawo. Chaka chatha anachapa Masautso, mnyamata wa ku Ntcheu. Anamusankhiranso mitengo, ya zithunzi zatsopano zokongola, ndipo Masautso anachita kuwathokoza ndi manja awiri. Tsiku lomwelo achimwene anatsegula bokosi lawo pakhonde lomweli, akuimba likhweru, ine ndili pambali pawo.

Pamaso panga sabisa kanthu. Munthu sabisira mpando kapena mtondo. Ine kwathu ndimadziwika ndi kusayankhula. Kusukulu aphunzitsi amandidumpha pofunsa mafunso chifukwa yankho langa limathera pachifuwa. Komanso foni imene ndimaseweretsa ndi yawo yakale, ya galasi long'aluka, imene anandibwereka. Akaunti yanga ili momwemo.

Talandira anabwera ndi makolo ake kuchokera ku Phalombe mvula isanayambe, nthawi ya nazale, n'kulowa m'kalasi mwathu Fomu 3. Ndi wapakamwa, amaseka ndi thupi lonse, ndipo tsiku loyamba anangokhala pa benchi langa ngati tinabadwira nyumba imodzi. Sanandifunsepo chifukwa chake ndili chete. Ankangoyankhula, ine n'kumamvetsera, ndipo zinkatikwanira tonse. Atamva za Makadi anabwereka foni ya amayi ake, n'kuipereka kwa achimwene monga amachitira wina aliyense. Anamusankhira mitengo.

Anamutentha Loweruka loyamba, lachiwiri, mpaka anyamata anayamba kumutcha Nkhuni. Pagulu ankaseka nawo. Koma tikaweruka kusukulu tinkakhala kuseri kwa chigafa cha fodya, kumene netiweki imagwira bwino, n'kumaiunika deki ija khadi ndi khadi. Ine ndimakonda kuwerenga timawu tating'ono tolembedwa pansi pa makadi, timene anzathu amangotidumpha. Muli makadi ena a mvula, amene amalowa m'deki iliyonse. Paokha ndi ofooka, n'chifukwa chake anthu amawataya, koma mvula ikagwa moto umachepa mphamvu ndipo mitengo imakula. Tinayamba kuwasaka. Lina linabwera fodya akudzalidwa, lina nthawi yothyola, ena awiri tinachita kudikira mpaka kutopa. Talandira ankasewera manja akununkha fodya, maso akulemera ndi tulo, chifukwa ku esiteti mwana wa tenanti akaweruka kusukulu ntchito imakhala ikumudikira.

Loweruka lapitalo zinachitika. Anakumana ndi achimwene pa benchi la Trust, ndipo moto wawo unayamba kuzima. Anaponya khadi lawo lalikulu, chinjoka cha malawi chimene amanyadira, mvula inagwa. Anaponya lina, mitengo inakula n'kutseka njira. Anyamata anasiya mafoni awo n'kuzungulira. Trust anazimitsa makina, kasitomala mutu uli wometa mbali imodzi. Achimwene anapambanabe, koma moyo wawo utatsala kadontho, ndipo phokoso limene linamveka silinali lowachemerera iwo.

Pobwerera achimwene ankangotsogola ndi njinga yawo. Titafika anayamba kupopa njinga imene inali ndi mpweya kale.

"Foni ya mnzako ija yafunika kuchapa," anatero osandiyang'ana. "Akusamuka posachedwa, eti?"

Anapopanso kawiri, n'kupitiriza.

"Iwe pakamwa pako pakhale monga pamakhalira masiku onse. Usaiwale kuti foni uli nayoyo ndi ya ndani."

Sabata yonse mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Ndinkakwiya ndikusesa, ndinkakwiya m'kalasi. Ndinkawayang'ana achimwene akudya, akuseka ndi amayi, munthu wamkulu wa ndevu, n'kumadzifunsa kuti kodi bokosi la zithunzi za m'foni n'lokoma bwanji mpaka kumakonzera chiwembu mwana wa eni. Banja la Talandira likamachoka, nyumba imene anamanga idzatsala pa esiteti. Fodya amene anasoka ndi manja awo adzapita ndi mwini munda. Katundu wawo yense amakwana pangolo imodzi. Deki ija inali chinthu chokhacho chimene Talandira anamanga kuno n'kukhala chakechake, choti angapite nacho kulikonse. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, kuseri kwa chigafa kuja, koma ndinkangomva kulemera kwa foni yong'aluka ija m'thumba, mawu n'kubwerera.

Ndiye Loweruka limenelo ndinabisala kuseri kwa mtedza. Sindinaganize kuti Talandira angadzere kwathu.

"Odi kuno! Kodi nkhono yalembedwa ganyu yosenda mtedza?"

Anakhala pansi asanayankhidwe, n'kukokera mulu wonse patsogolo pake. Zala zake zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, ndipo zinkathamanga ngati makina, makoko akuthetheka awiriawiri.

"Siya, ndimaliza ndekha," ndinatero.

"Udzamaliza uli ndi zidzukulu. Fulumira, aise, lero ndikukhala munthu watsopano. A Lyson akuti kwatuluka deki ina, mitengo yake imayenda, ili ndi mano. Anyamata aja aleka kunditcha Nkhuni."

"Nanga yakale ija?"

"Akuti makadi anga atsatira. Iii, nkhope imeneyo bwanji? Wina wamwalira?"

"Sabata yatha unangotsala pang'ono."

"Kutsala pang'ono si kupambana, Faness. Ngakhale pa mayeso salemba kuti anatsala pang'ono." Anaseka, koma kenako manja ake anaima. "Ndatopa kuluza. Chaka chonse ndikungopsa. Mwina mutu wangawu unapangidwira kusankha fodya basi. Ndikufuna ndipambaneko kamodzi ndisanachoke, anthu aja akamandikumbuka asamangoseka."

Pamenepo ndiye panali poyankhulira. Mawu anakwera mpaka pa lilime. Koma chitseko chinalira, achimwene n'kutuluka akukankha njinga, atavala jekete yawo ya pa Loweruka. Anayang'ana lichero lodzaza, anayang'ana ine, n'kumwetulira.

"Mwamaliza, atsikana? Tiyeni. Talandira, foni wachaja?"

"Yadzaza, achimwene."

Mtedza unali utatha. Manja a Talandira omwewo ndi amene anandichotsera pobisala.

Njira ya ku Namitete ndinaiyenda ndili kumbuyo. Iwo awiri anali patsogolo, achimwene akukankha njinga n'kumafotokoza za deki yatsopano ngati m'busa akufotokoza za kumwamba. Lole yodzaza mabelo inatidutsa n'kutithira fumbi. Ine ndinkayang'ana msana wa jekete ija. Ndinkakwiyira achimwene, ndinkakwiyira Talandira chifukwa chowatcha achimwene, ndipo koposa onse ndinkakwiyira miyendo yanga imene inkangotsatira.

Kwa Trust kunali kutadzaza kale. Nyimbo zinkalira, mafoni ali mbwee pa thabwa lochajira, anyamata atapanikizana pa benchi la pakhonde. Isaac, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto ndipo pakamwa pake sipapuma, anatiwona tikadali pamsewu.

"Ozimitsa moto afika! Bwana Lyson, lero mwatenga ambulera?"

Anthu anaseka. Achimwene anaseka nawo, koma ndi mano okha.

"Musewere naye kaye Talandira, akulu," anapitiriza Isaac. "Tione ngati za sabata yatha zinali ngozi kapena moto wathadi nkhuni."

"Za ana zimenezo. Lero tili ndi ntchito. Mlendo wathu akusamuka, sitingamutumize kwawo ndi deki ya agogo. Bweretsa kuno, Talandira."

Talandira anapukuta foni ya amayi ake pa chitenje n'kuipereka. Achimwene anakhala pakati pa benchi, anyamata kuwapatsa malo. Ine ndinaima pa mzati pamene ndimaima nthawi zonse, pomwe munthu amaona zonse koma iye osaonedwa. Ndinaona chala chija chikuyenda: apa, apa, pansi, apa. Njira imeneyo chikuidziwa ngati njira ya kuchimbudzi. Deki ya Talandira inaonekera kamphindi pagalasi, makadi a mvula ali ndandanda m'munsi, lija tinalipeza tsiku limene tinabisala mvula yeniyeni m'chigafa lili kumapeto. Kenako kunabwera chikwangwani chofiira chofunsa ngati munthu watsimikizadi kufufuta zonse. Achimwene anapendeketsa foni pang'ono kuti Talandira asawerenge bwino.

"Zolembazi n'zongoopseza," anatero. "Amalemba choncho kwa aliyense."

Ndinayang'ana anyamata a pa benchi. Isaac anali atayamba kukanda chigongono. Wina ankayang'ana kumsewu. Onsewo ankadziwa. Anali pomwepo chaka chatha pamene Masautso ankathokoza ndi manja awiri. Ndiye kuti sindinali ndekha mpando. Panali benchi lonse la mipando, yodziwa kuseka kokha.

"Musadine."

Sindinazindikire kuti ndi mawu anga. Anatuluka okalipa, osweka pakati, ndipo Trust anasuzumira pakhomo makina ali m'manja.

"Wati chiyani?" anafunsa achimwene.

"Ndati musadine, achimwene."

"Ee! Kodi amayankhula?" anatero Isaac. Palibe amene anaseka.

"Faness, pita ukagule mandazi," anatero achimwene mofatsa, kufatsa kuja kumene kumatanthauza kuti tikaonana kunyumba.

Ndinagwira mzati. Sindinayang'ane iwo. Ndinayang'ana Talandira.

"Makadi ako satsatira. Akadina pamenepo onse apita, mvula yonse ija. Werenga wekha, zalembedwa pomwepo. Akatsegula akaunti yatsopano alembamo nambala yawo, alandira bokosi, iwe akusankhiranso mitengo. Ndi zimene anachita kwa Masautso. Amadikira dala nthawi yosamuka kuti musabwerenso kudzafunsa."

"Mwana uyu wapenga," anatero achimwene, akuyang'ana uku ndi uku. "Ndani anakubweretserani masewerawa kuno? Ndani amakuikirani? Ndimathandiza anthu ine!"

"Mumathandiza!" ndinakuwa. "Nanga bwanji Isaac munamusankhira madzi? Bwanji ana a m'mudzi muno palibe amene ali ndi mitengo? Isaac, yankha, si iwe wapakamwa? Pali mwana wa tenanti ndi mmodzi yemwe amene anasankha yekha deki yake pa benchi limeneli?"

Isaac anayambanso kukanda chigongono chija. Kasitomala wa Trust anatuluka nsalu ili m'khosi kudzaonerera.

Talandira anali asanasunthe. Nkhope yake, imene imakhala ikuseka nthawi zonse, inali itauma. Anatambasula dzanja.

"Ndione, a Lyson."

Sanati achimwene.

"Iwe, ukumvera zonena za—"

"Foni ya amayi anga. Ndione."

Talandira anachita kuitsomphola. Anawerenga chikwangwani chofiira chija milomo ikugwedera, mawu ndi mawu, mpaka kumapeto. Kenako anadina pobwerera. Deki yake inaonekeranso, yonse, ndipo anaigwira foniyo pachifuwa ndi manja onse awiri.

Achimwene anaimirira. Maso awo anali atafiira, mtsempha wa pakhosi uli kunja.

"Bweretsa foni yanga," anandiuza. "Pompano. Makadi waiwale. Tione ngati mnzakoyo akugulire ina."

Ndinkadziwa kuti zifika pamenepo. Sabata yonse ndinkaopa mawu amenewo, koma atanenedwa ndinangomva kutentha kumaso, mantha osawapezanso. Ndinapisa m'thumba, kuitulutsa foni ya galasi long'aluka ija, muli deki yanga imene inenso ndinaimanga miyezi yambiri. Sindinawapatse m'manja. Ndinaiika pa benchi, pakati pa iwo ndi Isaac.

"Itengeni. Muichapenso, mulandire bokosi lina, muimbe likhweru. Koma musamati mumathandiza anthu. Mumasankhira ana a eni deki yoti muziwatentha, chaka chonse akumadziona ngati mbuli, ndiye pochoka n'kuwalanda ngakhale kochepa kamene adzipezera okha. Uyu wakhala akusewera manja akuwawa ndi fodya, khadi limodzi kulidikira mwezi. Inu mwaona kuti Loweruka likubwerali akugonjetsani, basi mwati yafunika kuchapa. Ndinu achimwene anga, ndimakupatsani ulemu, koma zimenezi n'zonyansa, ndipo inu nonse a pa benchipa mumadziwa. Ngati moto wanuwo ndi woona, khalani pansi. Foni yake yadzaza, yanu yadzaza. Sewerani naye pompano, ndi deki yomweyi ya mitengo imene munamusankhira nokha, tonse tikuona."